Tsitsi likuthothoka mutabereka? Zoyenera kuchita ndi zoti musiye kaye

Mwana akafika miyezi itatu kapena inayi, nthawi imene mwayamba kumva kuti thupi likubwereramo ndipo tulo mwayamba kutipezako pang'ono, mpamene tsitsi nalo limayamba zake. Mukapesa chipeso chikudzadza, mukamasamba likutsatira madzi, papilo lilipo, pa zovala za mwana lilipo, mpaka kumalipeza mwana atalifumbata m'kamanja kake. Apa amayi ambiri mtima umapita patali, kuganiza kuti basi dazi layambika kapena pali matenda ena obisika. Mayi mnzanga, khazikani kaye mtima pansi. Nthawi zambiri izizi zimatha zokha, chovuta nchoti pofuna kulipulumutsa tsitsilo ambiri timaliwonjezera mavuto ena omwe satha okha.

Munthu amakhala ndi tsitsi pafupifupi 100,000 m'mutu ndipo silikula lonse nthawi imodzi. Lililonse lili ndi nthawi yake, limakula kwa zaka 2 mpaka 6, kenako limasiya kukula nkupuma kwa miyezi pafupifupi 3, likatero limagwa kuti latsopano liphukire pamalo pomwepo. Pa tsitsi 100 lililonse, 85 mpaka 90 limakhala likukula, lotsalalo likupuma, nchifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 patsiku osazindikira nkomwe. Nde mukakhala oyembekezera homoni ya estrogen imakwera kwambiri nkuligwira tsitsi lija kuti lisapite kopuma, lomwe limayenera kugwa mwezi uno silikugwa, la mwezi wamawa silikugwanso, mpaka anthu kumakuyamikirani kuti mimbayi yakukondani tsitsi lachita kudzadza. Mukangobereka, nsengwa nkutuluka, estrogen ija imatsika m'masiku ochepa chabe ndipo tsitsi lonse lochedwa lija limalowa kopuma pamodzi, miyezi itatu ikatha limagwanso pamodzi. Zili ngati ngongole yomwe simunabweze kwa miyezi 9, pano mwiniwake wabwera kudzatenga yonse kamodzi. Madokotala amati telogen effluvium, ndipo zimachitikanso munthu akadwala kwambiri, akachitidwa opaleshoni kapena akaonda mwadzidzidzi.

Mvetsani bwino apa chifukwa zina zonse zikuchokera pomwepa. Tsitsi lomwe likugwa lero linasiya kukula miyezi iwiri itatu yapitayo. Palibe mafuta, shampu kapena mapilitsi omwe mungayambe lero nkulibweza kuti likhalebe m'mutu, lagwa kale limenelo, likungodikira kuti mulikhudze. Kuthothokaku kumayamba mwana ali ndi miyezi 2 mpaka 4, kumafika pachimake cha m'mwezi wachinayi, kenako kumayamba kuchepa, ndipo amayi ambiri mwana akamakwanitsa chaka tsitsi limakhala labwerera mwakale kapena layandikira. Kutalika kokha nkomwe kumachedwa poti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ena mochepera pamenepo.

Ndipo chonde musamuletse mwana bere chifukwa cha tsitsi. Mudzamva anthu akunena kuti mwanayo akukuyamwani zonse nchifukwa chake mukusosoka, si zoona, amayi omwe sakuyamwitsa nawonso tsitsi limawathothoka.

Yambani ndi kuliona tsitsi lomwe lagwalo

Tolani lingapo muligwire pakati pa zala pamalo owala. Ngati ndi lalitali monga mmene tsitsi lanu liliri ndipo kumapeto kumodzi kuli kamutu kakang'ono koyererako, limenelo lagwa lokha litatha nthawi yake. Ambiri akaona kamutu kameneka amati eee lazuka ndi muzu womwe, ayi, muzu weniweni watsala m'khungu ndipo ngwamoyo, ukupanga kale lina. Koma ngati mukupeza tizidutswa tifupitifupi topanda kamutu, limenelo silikuthothoka koma likuduka, ndipo kuduka sikuchokera ku mahomoni ayi, kukuchokera ku kuuma, mankhwala, moto kapena kupesa mwankhanza. Kuthothoka kumafuna kudikira, kuduka kumafuna kuti musinthe kasamalidwe, nde ndi bwino mudziwe chomwe muli nacho. Ena amakhala nazo zonse ziwiri.

Jambulaninso chithunzi pafoni, chakutsogolo, cham'mbali ndi chapamwamba, kamodzi pamwezi pamalo omwewo. Galasi la tsiku ndi tsiku limanamiza, tsiku lomwe simunagone mumaona ngati zanyanya pomwe palibe chasintha.

Nkhani ya kuluka

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa mpamene ambiri amaonongera. Ndi khanda m'manja nthawi yopesa mulibe, nde maganizo amakhala oti ndikaluke timameshi ting'onoting'ono tolimba ndiiwaleko za mutu miyezi itatu. Nzomveka ndithu. Koma kuthothoka kwa uchembereku kumaonekera kwambiri kutsogolo ndi m'mbali cha m'matsipamu, malo omwewo omwe zoluka zolimba zimakoka kwambiri. Tsitsi lachepa kale pamenepo, lotsalalo mwalisenzetsa meshi yolemera, ndipo tatsopano tomwe tikungophuka woluka watitola tonse kuti mzere uoneke bwino. Zikatere mwayambitsa vuto lina lotchedwa traction alopecia, kutha kwa tsitsi chifukwa chokokedwa. Ili likangoyamba kumene limachira mukasiya kukoka, koma mukabwereza kwa zaka mizu imafa nkusanduka chipsera, ndipo pa chipsera tsitsi silimeranso olo mutadzola chani. Azimayi ambiri omwe amati m'mbalimu munatha nditabereka mwana wakuti, mukafufuza bwino mupeza kuti mimba inangoyambitsa koma chomwe chinamaliza ndi kuluka.

Nde mukapita kusaluni lankhulani musanakhale nkomwe pampando. Asisi, ndangobereka kumene tsitsi likuthothoka, m'mbalimu musiyemo ndipo musakoke. Musachite manyazi, mutu ngwanu. Sankhani zoluka zikuluzikulu, zopepuka komanso zazifupi, zazitali zimalemera ndipo mwana akayamba kugwira zinthu azizikokanso. Ngati mukumva kuwawa, nsidze zakwera, simukutha kugona usiku woyamba mpaka mwamwa Panado, kapena mwatuluka tiziphuphu m'mphepete mwa mizere, zalimba kwambiri zimenezo, masulani. Zoti zimasuka zokha pakatha masiku atatu musamvere, pofika tsiku lachitatulo zaononga kale. Musakhale nazo kupitirira masabata 6 mpaka 8, ine ndingati panyengo inoyi bola 4 mpaka 6, ndipo mukamasula lipatseni mpata tsitsilo musanalukenso.

Tsiku lomasula konzekerani mtima. Tsitsi lomwe limayenera kugwa tsiku ndi tsiku limakhala litakodwa m'zolukamo, nde tawerengani nokha, olo munthu woti sanabereke, 50 mpaka 100 patsiku kwa masabata 6 ndi tsitsi 2,100 mpaka 4,200, nanga inu amene muli pachimake. Muona chimpukutu choopsa koma sikuti lagwa tsiku limenelo. Chachikulu musathire madzi musanalichotse lakugwalo, masulani chimodzichimodzi, pakani kondishona kapena timafuta, lekanitsani ndi zala makamaka patsinde pomwe pamaunjikana litsiro, mukatha mpamene musambe. Mukathira madzi lisanachoke limapotana nkumangana mfundo zoti mapeto ake ndi sizasi.

Wigi ndi yabwino panyengoyi ngati mwaivala mwanzeru. Guluu ayi, amamata tsitsi laling'ono lakutsogolo nkulizula pochotsa. Tizipeso ta mkati mwa wigi tisamalume malo amodzimodzi tsiku lililonse, mizere yapansi ikhale yomasuka, ndipo usiku ivuleni mutu upume. Duku nayenso musamange molimba pamzere womwewo wa pachipumi, chimodzimodzi kumanga tsitsi kumbuyo mokoka mpaka nkhope kuwongoka. Wivi yosoka imakoka ngati meshi yomwe, nde malamulo ake ndi omwewo.

Mankhwala owongola tsitsi, rilakisa ija, ine ndingati dikirani kaye mpaka kuthothoka kutachepa. Sikuti imawonjezera kuthothoka kwa mahomoni, koma imafooketsa tsitsi lotsalalo kuti liziduka ndipo imatha kuwotcha khungu. Ngati simungathe kupirira, ipakidwe pa tsitsi lomera kumene lokha, papite miyezi iwiri kapena itatu musanabwereze, ndipo musalukitse zolimba mutangowongola kumene. Draya yotentha kwambiri ndi zitsulo zowongolera nazonso zichepe.

Kusamba ndi kupesa

Ena amasiya kusambitsa mutu poopa kuti likagwa lambiri. Sizithandiza, lija lagwa kale, mukachedwa kusamba limangodikira nkudzagwa lochuluka tsiku limodzi, uku khungu ladzadza thukuta ndi mfundu. Tsitsi lopotana, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri nkokwanira, a tsitsi lowongoka lochita mafuta msanga angasambe pafupipafupi. Shampu ipite pakhungu, sisitani ndi nsonga za zala osati zikhadabo, kondishona apite pa tsitsi makamaka kumapeto. Popesa yambani ndi zala kenako chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kumapita kutsinde, chigawo ndi chigawo. Tsitsi lopotana limapeseka bwino likadali lonyowa lili ndi kondishona, mukalipesa louma gwa limaduka, pomwe lowongoka bola liyambe laumako. Popukuta musakhule ndi thaulo, ingofinyani. Usiku valani kachipewa ka satin kapena pilokesi yoterera, nsalu yathonje imayamwa chinyezi komanso imakhula.

Mafuta dzolani kuti tsitsi lisaume basi, osati kuti ameretsa. Ndipo musapake mulu pakhungu, kwa omwe ali ndi mfundu mafuta ambiri amatha kuikolezera. Chimene chimachitika nchoti munthu amagula botolo mwana ali ndi miyezi inayi, pofika miyezi 7 kuthothoka kwachepa kokha monga mmene kumayenera kuchitira, iye nkumauza aliyense kuti mafutawa ndi shuwa. Kumeta nakonso sikupangitsa tsitsi kumera lochuluka kapena lokhuthala, koma ngati mwatopa nalo ndipo lalifupi likukhalani, metani ndithu, limaoneka lodzadza, ntchito imachepa, ndipo m'nyumba simukhalanso tsitsi ponseponse.

Kudya ndi magazi

Tsitsi limapangidwa ndi puloteni, ndipo thupi likaona kuti chakudya chachepa limayamba kusunga mtima, ubongo ndi mkaka wa mwana, tsitsi limakhala lomaliza pamzere. Nde iyi si nthawi yodzimana chakudya kuti mimba iphwe msanga, kuonda mwadzidzidzi pakokha kumathothola tsitsi, mukhala mwawonjezera kwachiwiri pamwamba pa koyamba. Idyani mokwanira, mazira, nsomba, nyama, nyemba, masamba obiriwira, zipatso, zomwe mungathe kupeza.

Chomwe ndimachiona chofunika kuposa zonse apa ndi ayironi. Mimba imadya ayironi wambiri, pobereka mumatayanso magazi, makamaka ngati munachitidwa opaleshoni kapena munataya ochuluka, ndipo kuchepa kwa ayironi kumatha kuchititsa kuti kuthothoka kupitirire nthawi yomwe kumayenera kutha. Ngati kuchipatala anakupatsani mapilitsi owonjezera magazi oti mupitirize mutabereka, malizani, ambiri amangowasiya mwana akabadwa. Amadetsa chimbudzi ndipo ena amadzimbidwa nawo, chimbudzi chakudacho chisakuopseni, koma akakuvutani kauzeni adokotala akusinthireni kamwedwe m'malo mongosiya. Musamwere tiyi kapena khofi chifukwa zimatchinga ayironi kulowa m'thupi, papite kaye ola limodzi kapena awiri, pomwe zipatso za vitamini C zimathandiza. Ndipo muwaike patali ndi ana, mwana akameza ambiri ndi poizoni weniweni.

Mapilitsi a tsitsi ogula nokha aja samalani nawo. Biotin, vitamini wina wa gulu la B, amatchuka kwambiri koma amathandiza munthu yemwe akumusowa m'thupi, ndipo oterowo ndi ochepa. Choipa chake amasokoneza zotsatira za magazi ku labu, bungwe la FDA la ku America, loona za zakudya ndi mankhwala, linachenjeza za zimenezi mu 2017, ndipo mwa mayeso omwe amasokonekera muli a chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi kotulutsa mahomoni, ndi a mtima, nde ngati mukumwa nenani musanatengedwe magazi. Vitamini A ndi mchere wa m'thupi wotchedwa selenium zikachuluka m'thupi zimathothola tsitsi m'malo molimeretsa. Minoxidil, wopaka pakhungu uja, amagwiradi ntchito pa mitundu ina ya dazi koma kuthothoka kwa uchembere sikumufuna, ndipo ngati mukuyamwitsa musayambe musanafunse adokotala. Finasteride amene amamwa abambo a dazi musayerekeze nkomwe, amatha kuononga mwana wamwamuna m'mimba mukatenga pathupi pena.

Yang'anani zala za mwana

Iyi ambiri saidziwa ndipo ndi yoopsa kuposa dazi lomwe tikuliopalo. Tsitsi limodzi lokha limatha kukulunga kachala ka mwana, kakuphazi kapena kakumanja, ngakhalenso kumaliseche, nkumanga mpaka magazi kusiya kuyenda. Limabisala m'masokosi, m'zovala zotseka mapazi ndi m'magolovesi. Mwana akamalira mosatonthozeka, wayamwa, thewera nlouma, thupi silikutentha, muvuleni zonse muone chala chimodzichimodzi. Mukaona kamzere kolowa mkati ndipo kachala kafiira kapena katupa, ngati nsonga ya tsitsilo ikuoneka limasuleni pang'onopang'ono, koma ngati lalowa m'khungu, simukuliona kapena kachala kayamba kuda, thamangani kuchipatala nthawi yomweyo osadikira kuche. Pochapa tembenuzani masokosi ndi zovala zake muchotse tsitsi, ndipo pomusambitsa ingozolowerani kuona zala. Paja mwanayonso tsitsi lake lobadwa nalo limathothoka m'miyezi yoyambirira, makamaka kunkhongo komwe amagonera, limameranso limenelo musadandaule.

Za mumtima nazo tisazilambalale. Kungoti ndi tsitsi chabe nkosavuta kwa munthu amene lake lili m'mutu, koma thupi lasintha, tulo palibe, kenako galasi likukuonetsani chipumi chomwe simukuchidziwa, zimawawa. Sinthani mbali yogawira tsitsi, valani kansalu kofewa kobisa kutsogolo, wigi, duku, chilichonse chomwe chikupatseni mphamvu yotuluka panja. Bambo a mwana ndi apabanja auzeni kuti nthabwala za dazi pano ayi. Koma ngati kukhumudwako kwapitirira masabata awiri, mukungolira, palibe chikukusangalatsani, mwana simukumumva mumtima kapena mukuganiza zodzipweteka, imeneyo si nkhani ya tsitsinso, uzani azaumoyo mwachangu, matenda a nkhawa obwera mutabereka alipo ndipo amachizika.

Pamene si za uchembere chabe

Kuthothoka kwabwinobwino kumakhala kwa mutu wonse, tsitsi limapyapyala koma khungu lili bwinobwino, silikuwawa, silikuyabwa. Mukaona zosiyana ndi izi pitani mukaonedwe. Kabwalo kozungulira kosalala kopanda tsitsi olo limodzi ndi matenda ena otchedwa alopecia areata. Pamalo poyabwa, pofunduka, tsitsi litadukira pansi, mwina ndi chipere, ndipo cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa, opaka okha sachitha. Paliwombo pakamapyapyala nkumakulirakulira, kukuwawa kapena kutentha, khungu likusalala ngati lonyezimira, musachedwe, pali mtundu wa dazi wosiya zipsera womwe umakonda azimayi akuda ndipo chomwe chapita sichibwerera, mankhwala amangoteteza chotsala. Chindoko ndi lupus, matenda oti chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi thupi lomwelo, nazonso zimathothola tsitsi.

Kenako pali chithokomiro. Mwa amayi 100 obereka, pafupifupi 5 mpaka 10 chithokomiro chawo chimasokonekera m'chaka choyamba, ndipo ambiri sadziwa chifukwa zizindikiro zake zimafanana ndi kutopa kwa uchembere. Poyamba chimatha kuthamanga, mtima kugunda kwambiri, manja kunjenjemera, thukuta, kuonda mukudya bwino, kusowa tulo olo mwana atagona. Kenako cha pa miyezi 4 mpaka 8 chimafooka, kutopa kosatha, kumva kuzizira anzanu akumva bwino, kudzimbidwa, khungu kuuma, kunenepa, kukhumudwa. Kuyeza kwake ndi magazi basi, amati TSH. Kuchepa kwa magazi nako kumaonekera ndi chizungulire, befu mukayenda pang'ono, mtima kuthamanga, m'maso ndi m'manja kuyera, ena mpaka kulakalaka dothi kapena ayezi.

Palinso ina yosowa koma ndiitchule. Ngati munataya magazi ambiri zedi pobereka, kenako mkaka sunabwere, msambo sukubwerera ngakhale simukuyamwitsa, muli ofooka ndipo tsitsi la m'khwapa ndi la kumaliseche nalo likutha, kauzeni adokotala zonsezi pamodzi, ndi zizindikiro za Sheehan syndrome, kuonongeka kwa kachiwalo ka m'mutu kotulutsa mahomoni, ndipo imafuna chithandizo.

Njira zolera za mahomoni, kuyamba kapena kusiya, zimathanso kugwedeza tsitsi kwa amayi ena, jakisoni wa Depo ali m'gulu lomwelo. Musasiye nokha mungatenge mimba mwana akadali khanda, kakambiraneni ndi azaumoyo ngati pali ina yokuyanjani.

Kuthothoka kukayamba kutha muona titsitsi tifupitifupi taima njo kutsogoloku, tosamvera chipeso. Timeneto ndi tatsopano, musatiyese toduka, nsonga yake imakhala yopyapyala. Tisiyeni, musatipanikize ndi jelo wouma gwa ndi kaburashi tsiku ndi tsiku, musatilowetse m'zoluka mpaka titatalika. Ngati mwana wakwanitsa chaka koma chipeso chikudzadzabe ngati kale, kapena mzere wogawira tsitsi ukukulirakulira pazithunzi zija, pitani kuchipatala olo mulibe chizindikiro china. Nenani kuti munabereka liti, munataya magazi bwanji, mukuyamwitsa kapena ayi, mukumwa mankhwala anji kuphatikizapo olera ndi ogula nokha, komanso ngati kwanu kuli ena a tsitsi lopyapyala, poti nthawi zina uchembere umangoulula dazi la kumtundu lomwe linali likubwera kale. Pemphani akuyezeni kuchuluka kwa magazi, ferritin (yoonetsa ayironi wosungidwa m'thupi) ngati angathe, ndi TSH, ndipo mupite mutamasula zoluka kuti athe kuona khungu la m'mutu.